Kamba wa Miyezi Isanu ndi Umodzi

Lachiwiri, 4 Malichi

Wodi ya ana, bedi la pakona, kachitatu chiyambire Okutobala. Chibayo chomwe chija. Khutu la kumanzere likutulukanso mafinya, pilo yense fungo. Tcheya ali ndi miyezi khumi ndi umodzi koma ukamunyamula ngati wanyamula thewera louma. Dzina la Tcheya tinamupatsa ali wonenepa, akulamula nyumba yonse ndi kulira. Lero ngakhale kulirako akuchita ngati akupempha chilolezo.

Anamwino andizolowera. Wina wati, "Mwabweranso anzathu?" ngati ndabwera kudzacheza.

Apongozi afika masana, aima kumiyendo kwa bedi, chikwama osachiika pansi. Akuti tikayezetsenso magazi, ine ndi mwana. Tayezetsa katatu, katatu konse kachilombo tilibe, mapepala ndimayenda nawo. Mwana wawo samutchula, iye magazi ake ngoyera chibadwire. Bambo ake a Tcheya maso ali pa foni.

Amene akundithandiza kudwazika ndi amayi anga. Kuchapa matewera, kuyanika, kupinda. Salankhula zambiri. Kunyumba makina anga osokera ali phee, mayunifolomu a ana a eni ake ali pa tebulo, odulidwa kale.

Lachinayi, 6 Malichi

Dokotala watsopano, mayi wamfupi wa magalasi okhuthala. Woyamba kuwerenga buku la kuchipatala la Tcheya kuyambira tsamba loyamba. Anaika chala pa mwezi wachisanu ndi chimodzi, akuti apa mpomwe zinayambira. Zoona. Miyezi yoyamba ija ngakhale chimfine ayi. Kusikelo ankandiloza kuti amayi ena atengere chitsanzo.

Anajambula kuseri kwa pepala la mankhwala. Akuti m'magazi muli tinthu totchedwa ma antibodi, timene thupi limapanga likakumana ndi tizilombo toyambitsa matenda. Timakakamira pa kachilombo, kukalepheretsa kulowerera, n'kukaika chizindikiro kuti asilikali a m'thupi akaone msanga n'kukadya. Thupi limasunganso muyeso wa kachilomboko kuti kakadzabwerera lisavutike. Zimenezo ndinamva bwino, inenso miyeso ya makasitomala ndimasunga m'kope. Katemera ndiye kupatsiratu thupi muyesowo matenda asanafike.

Ndiye akuti alipo ana ena aamuna, osowa kwambiri, amene thupi lawo silipanga tinthuti n'komwe. Amabadwa ndi ta mayi awo, timene analandira ali m'mimba. Kamba wa paulendo, anatero. Kambayo amatha pa miyezi isanu ndi umodzi, mwana n'kuyamba kudwala. Vutoli limayenda ndi akazi koma limagwira amuna.

Kenako funso. Ku mtundu wa amayi anga, alipo ana aamuna amene anamwalira ali makanda? Ndinayankha msanga, monyada kumene: palibe, tinabadwa akazi okhaokha atatu. Dokotala anayang'ana amayi. Amayi anali kupinda thewera lopindidwa kale. Anapukusa mutu.

Akuti ngati zili choncho tiyambe tafufuza TB ndi matenda ena ofala. Magazi otumiza kutali kukayeza ma antibodi adikire kaye.

Loweruka, 15 Malichi

TB palibe. Masiku asanu ndi anayi angopita pachabe. Thupi latenthanso, jakisoni asintha kawiri, timanja tonse mabala, asowa pobaya.

M'mawa ndinagwetsa supuni pa simenti, kumanzere kwa Tcheya. Sanatembenuke. Kumanja anatembenuka. Ndayesa kasanu mpaka mayi wa bedi loyandikana anandiyang'ana ngati ndapenga. Sindinauze munthu.

Uthenga wa apongozi: mwana sangamadwale chonchi popanda chifukwa, mayi ake adzifunse. Ndadzifunsa mpaka mafunso andithera.

Lamlungu, 16 Malichi

Abwera mayi aang'ono, mng'ono wawo wa amayi. Munthu wolankhula asanaganize, Mulungu awadalitse. Asuzumira Tcheya, n'kutembenukira kwa amayi. "Koma achemwali, si momwe ankachitira anyamata anu aja? Khutu lomweli."

Amayi anawaponda phazi. Ndinaona.

Ndinawakokera mayi aang'ono panja, pa zingwe zoyanikira. Sanavute. Awiri, ine ndisanabadwe. Woyamba anafika miyezi isanu ndi inayi, wachiwiri chaka ndi sabata imodzi. Onse onenepa poyamba, onse chifuwa ndi makutu. Zaka makumi atatu ndi chimodzi ndakhala ndikudzitcha mwana wachisamba, osadziwa kuti ndine wachitatu.

Nditabwerera ndinapeza amayi akumupukuta Tcheya khutu ndi thonje, pang'onopang'ono, ngati munthu woidziwa ntchito yake. Amaidziwa ndithu.

Lolemba, 17 Malichi

Ndamuuza dokotala. Sanakalipe. Anavula magalasi, kuwapukuta nthawi yaitali, kenako anaitana namwino. Magazi atengedwa lero lomwe.

Amayi sindikuwalankhula. Tikupatsirana beseni ndi sopo ngati anthu ongokumana pa mpopi. Masana, ali chogwada pansi kufinya matewera, anati, "Akwawo kwa bambo ako ankati mimba yanga imadya amuna. Ndikananena, ndani akanakukwatirani?"

Ndiye takwatiwa, amayi. Zikomo kwambiri. Ukwati ndili nawo, uja woyang'ana foni.

Amati choipa chitsata mwini. Bodza. Chadumpha eni ake onse n'kutsata mwana amene mano ake sanakwane n'komwe.

Lachisanu, 28 Malichi

Zotsatira zabwera. Ma antibodi pafupifupi mulibe, ndipo timaselo towapanga mulibe. Katemera yense amene ndinkamuimira pa mzere dzuwa likuswa mtengo sanasiye kanthu m'thupi mwake. Muyeso unkaperekedwa, telala kulibe.

Khutu la kumanzere lapita. Dokotala akuti linawonongeka pang'onopang'ono miyezi yonseyi, tisaloze tsiku. Ine ndikuloza. Mu Okutobala, pa kugonekedwa koyamba, amayi anali pompano, pa mpando womwewu, ndipo anaona mafinya oyamba ndi maso awo.

Amuika diripi ina, yoyera ngati madzi. Akuti ndi ma antibodi osefedwa kuchokera m'magazi a anthu ambirimbiri opereka magazi. Mwezi uliwonse, moyo wake wonse, chifukwa nawonso amatha. Anthu osamudziwa akumugawira kamba wawo. Agogo ake enieni anamumana mawu awiri.

Bambo ake atamva zoti vutoli limayenda ndi akazi anadzutsa mutu pa foni, koyamba mwezi uno. Pofika madzulo apongozi anali atadziwa kale. Sanatumize uthenga. Kukhala chete kwawoko ndikukumva mpaka kuno.

Lachitatu, 2 Epulo

Tcheya wakhala tsonga. Wadya, walavulira namwino, wakoka magalasi a dokotala. Walira mokweza mpaka wodi yonse kudandaula. Ndinamusiya alire.

Dokotala wafunsa za ang'ono anga. Wondipondayo ali ndi ana aakazi awiri. Chitsiriza ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu, mimba yoyamba, sikani inaonetsa mwamuna. Dokotala anaika cholembera pansi. Akuti mwina vutoli alibe, mwina ali nalo, palibe angalote. Koma mwanayo ayezedwe akangobadwa, ndipo asamudonthezere katemera wa poliyo wa m'kamwa asanayezedwe. Muli kachilombo kamoyo kofooketsedwa, kwa ana ena onse nkothandiza, kwa mwana wopanda ma antibodi kakhoza kumupuwalitsa miyendo. Tcheya analandira madontho amenewo. Anangopulumuka mwamwayi.

Pamenepo amayi analankhula, koyamba pamaso pa dokotala. "Adokotala, ine ndinkati mkaka wanga ndi umene unawapha."

Dokotala anati ayi. Anati miyezi yonse imene anyamatawo anakhala bwino, ankakhalira chitetezo chochokera kwa iwo.

Amayi anawerenga zala, dzanja limodzi ndi chala chimodzi. Anawerenganso kachiwiri. Kenako anatuluka, matewera atawasiya pa bedi osapinda. Ndinafuna kuwatsatira. Sindinapite. Mtima wanga sunafewe mpaka pamenepo, ndipo sindinama m'kope langa lomwe.

Lachinayi, 3 Epulo

Amayi akupempha ndidikire, chitsiriza abereke kaye. Akuti mwamuna wake ndi mwana mmodzi yekha wamwamuna kwawo, akwawo akuyembekezera kwambiri, akamva zimenezi amubweza ndi mimba yomwe. Mwina akunena zoona. Ine ndili pano ndi apongozi osayankha moni.

"Mwanayo adzabadwa wonenepa, udzaona."

Inde amayi. Onse amabadwa onenepa.

Ndamuimbira chitsiriza. Sindinanene zambiri, ndangoti abwere kuchipatala lero, atenge buku lake la kusikelo. Anaseka, akuti kodi Tcheya waitanitsa msonkhano? Ndinadula foni mawu asanandithawe.

Ndikulemba pa bondo, Tcheya akugona cha kumanja, khutu lakufa lili pamwamba. Pazenera ndikumuona chitsiriza akuwoloka bwalo, dzanja pa msana, kuyenda kotangadza, m'dzanja lina kathumba ka malalanje. Amayi nawonso amuona. Anandigwira mkono, zikhadabo mpaka kulowa. Ndinawayang'ana m'maso. Ngati ndi kudana, tidane.

Andisiya. Akokera mpando pafupi ndi bedi, aupukuta ndi thewera ngakhale ulibe fumbi.

"Ndiyamba ndine," atero. "Iwe mayina a anyamata aja suwadziwa."

Wafika pakhomo.