Abale akufuna kundichotsa kwa mkazi wanga chifukwa m'mimba mwamangika

Aphungu,

Ndine bambo wa zaka 41, mlimi wa fodya. Kwathu ndi ku Ntchisi, koma ndili pachikamwini kwa Bowe, kwawo kwa mkazi wanga Mirriam. Nkhani yangayi ndi yochititsa manyazi, koma madzi afika m'khosi.

Kwa zaka ziwiri ndakhala ndikutsekula m'mimba, nthawi zambiri za magazi. Kuchipatala anati ndi kamwazi, ndinamwa mankhwala ake, osasintha. Pomaliza ananditumiza ku Lilongwe, komwe anandiunika n'kupeza kuti matumbo akulu ndi otupa ndipo ali ndi zilonda. Adokotala anati matendawa amagona n'kudzukanso. Anandipatsa mapiritsi omwa tsiku lililonse, ena owonjezera magazi, n'kutichenjeza ine ndi Mirriam kuti ndisamamwe mankhwala ena osafunsa.

Mkazi ameneyu, Aphungu, sindidziwa kuti ndinamutola kuti. Chaka chatha ndili gone pamphasa, anathyola yekha fodya, kusoka yekha, kupachika yekha m'chigafa. Zovala zanga zoipitsidwa ankachapa kuseri kuti ana asaone, ndipo sanakwinyepo nkhope. Tsiku lina ndinalefukiratu, anandikweza panjinga n'kupalasa mpaka kuchipatala, anthu akumuseka m'njira.

Tsopano zinthu zatembenuka. Kwa milungu itatu, chimbudzi chikumabwera kamodzi pa masiku anayi kapena asanu, cholimba ngati cha mbuzi. Chodabwitsa n'choti ndimamva kufuna kupita kawirikawiri, koma ndikafika kumangotuluka zoterera ndi timagazi.

Amalume anga a Aroni atamva, anati madokotala anaphonya. Akuti matenda otsekula sangakhalenso otseka, ndiye ili ndi tsempho: Mirriam anayenda ndi mwamuna wina n'kudzandithirira mchere m'ndiwo. Anabwera ndi botolo la mankhwala achikuda otsuka m'mimba. Mirriam anagwada, analandira ndi manja awiri, kenako anakakhuthulira kudzala iwo akuona. Anangoti, "Malume, mundikhululukire, koma awa samwa ine ndili moyo."

Amalume anachoka osatsanzika. Atumiza uthenga kwa ankhoswe kuti Loweruka lino akubwera ndi achemwali anga kudzanditenga, ndikadwalire kwathu, banja lithe.

Pali chimene sindinauze munthu. Ino ndi nyengo yosankha fodya, ndipo timakhala tsiku lonse m'chigafa ndi alamu anga. Ndinatopa ndi kudzukadzuka iwo akuyang'anana, moti ndinayamba kugula pagolosale timakapisozi toletsa kutsekula, n'kumamwa mobisa m'mawa uliwonse. Madzi ndinachepetsa dala, masamba ndinasiya. Kodi n'zoona kuti matenda amodzi angatsekule n'kutsekanso? Nanga Loweruka ndikanene chiyani?

L.K., Madisi

Zikomo a L.K.,

Choyamba, ndivule chipewa kwa amayi Mirriam. Kukana amalume a mwamuna wako uli chogwada, ukudziwa kuti banja lingathere pomwepo, si zamasewera. Akazi otere sapezeka pamsika. N'kutheka kuti botolo lija likanakuvulazani kwambiri.

Funso lanu ndiyankhe mosazungulira: inde, matenda omwewo amatha kutseka. Ambiri amawadziwa ndi kutsekula, koma kudzimbidwa si kwachilendo. Kutupa kukakhala kumapeto kwa matumbo, malowo amawawa ndipo amakunamizani kuti chimbudzi chafika pomwe palibe. N'chifukwa chake mukuthamanga n'kukangotulutsa zoterera. Pamene kumunsi kwakwiya chonchi, matumbo a kumtunda amayenda mwaulesi, chimbudzi chimakhalitsa, chimauma. Kwa anthu ena, zilonda zikamapola n'kuyambanso zimasiya zipsera zochepetsa njira, ngati payipi ya mlimi wothirira imene yaphwatalala pakati. Izi sangazidziwe amalume, sindingazidziwe ine, koma adokotala akakupimani.

Ndiye pali zanu zija. Makapisozi oletsa kutsekula ntchito yawo ndi kuimitsa matumbo, ndipo kwa munthu wa matumbo otupa ndi oopsa, chifukwa matumbowo amatha kufufuma modetsa nkhawa. Mwawonjezapo kusamwa madzi ndi kukhala pansi tsiku lonse, komanso mapiritsi owonjezera magazi nawo amalimbitsa chimbudzi. Mwatseka khomo nokha, bambo, kenako mudzi wonse ukufunafuna amene watseka!

Siyani makapisoziwo lero lomwe. Musadikire Loweruka: mawa pitani kuchipatala ndi buku lanu lakuchipatala, timapaketi ta makapisozi tija m'thumba, ndipo mukanene zonse monga mwandiuzira ine. Akakuuzani ngati matenda adzukanso, ngati njira yachepa, ndi mankhwala ofewetsa chimbudzi oyenera inuyo. Mapiritsi a tsiku lililonse musasiye. Owonjezera magazi mukafunse ngati angawasinthe, musawataye panokha.

Botolo la madzi owiritsa lizikhala pambali panu m'chigafamo, muzimwa pafupipafupi, ndipo muzidzuka n'kuwongola miyendo. Alamu akayang'anana, ayang'anane, maso sapha. Idyani zofewa monga phala, papaya wakupsa ndi maungu. Anthu akuuzani kuti mudye gaga wambiri, chimanga chokazinga ndi masamba olimba. Dikirani kaye adokotala anene, chifukwa ngati njira yachepa zimenezi zingatsekeretu.

Zizindikiro izi mukaziona musayembekeze kuche kapena kuti ankhoswe avomere: mimba kufufuma n'kulimba, kusanza, kulephera ngakhale kutulutsa mpweya, kupweteka koopsa, kutentha thupi, magazi ambiri. Pamenepo ndi kuchipatala basi. Mankhwala amphamvu otsuka m'mimba, achikuda kapena a m'sitolo, angang'ambe matumbo a zilonda.

Amalume anu musawanyoze. Akuona mwana wa mlongo wawo akuwonda ndipo ali ndi mantha, kungoti mantha awowo awagwetsera pa munthu wosalakwa. Ngati n'kotheka, pitani nawo kuchipatala akamve okha, kapena pemphani adokotala alembe m'buku mawu oti ankhoswe akawerenge.

Koma buku silidzakulankhulirani. Mkazi akunamiziridwa chigololo pamudzi pake pomwe, pamaso pa ana ake, inu chifukwa chenicheni muli nacho m'thumba la malaya. Muuzeni iyeyo lero, muli awiri, ndipo mupepese. Loweruka mukayambe ndinu kulankhula, amalume asanatsegule pakamwa, mukanene kuti munkamwa chiyani ndiponso chifukwa chake. Adzakusekani masiku awiri, n'kuiwala. Mukakhala chete, amalume adzakutengani ndithu, ndipo Mirriam adzatsala ndi dzina la hule mpaka kumanda, atalipatsidwa ndi mwamuna amene iyeyo anamupulumutsa.

Aphungu