Nkhunda za Atate Zisauluke pa 14

Warsaw, 2 Juni

Achimwene a Alojzy,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi amayi. Kodi ayamba kudya? Ine ndili bwino, kungoti Lachisanu lililonse ndimayang'anabe foni kudikira kuti atate aimbe, kenako ndimakumbukira.

Kuntchito tatsala pang'ono kumaliza kachipangizo kathu kaja kodzatumiza mumlengalenga kukayeza mphepo yochokera ku dzuwa. N'kakang'ono ngati buledi, koma m'chipinda mwake timalowa titavala zoyera mpaka kumutu. Sabata yatha misozi inandituluka ndili pakati polumikiza mawaya. Mnzanga Ludwik anandikoka dzanja, nati mchere wa misozi ya kwathu ku Silesia sunalembedwe pa pulani. Ndinaseka koyamba chiikire maliro a atate.

Mukukumbuka momwe atate ankandinyogodolera? Ankati ndinamaliza mabuku onse a m'tauni yathu ya Rybnik kuti ndikapange chinthu chouluka osabwerera, pamene nkhunda yawo yopusitsitsa imadziwa kwawo. Komabe chiyambire chaka chija tinataya nkhunda makumi awiri tsiku limodzi, sanatumizeponso nkhunda ku mpikisano asanandifunse ngati dzuwa lakwiya.

Pempho langa ndi limodzi, ndipo ndalemba kalata chifukwa pa foni mumandidula mawu. Amayi andiuza kuti a Gerard, mnzawo wa atate uja, akonza zotengera nkhunda zathu kutali pa 14 kuti ziuluke kubwerera kukhola pokumbukira atate. Chonde musazipereke tsiku limenelo. Mbali ya dzuwa imene inatiponyera mphepo yamphamvu pa 18 Meyi idzakhala itatembenukiranso kuno, pakuti imabwerera pakatha masiku 27. Zakuti mphepoyi imasocheretsa nkhunda, m'mabuku amatsutsanabe. Atate sankakayika.

Ndikudziwa a Gerard adzati kamtsikana ka ku Warsaw kayamba kulamula khola. Asiyeni anene, muwathirire tiyi. Dikirani mpaka pa 21, ndidzabwera ndi sitima ya m'mawa tidzaime tonse pabwalo. Nkhunda yotuwa ija imene imakhalabe padenga kudikira mluzu wa atate, sindikufuna isochere. Pakhomo pathu wachoka kale mmodzi chaka chino.

Mundiperekere moni kwa amayi, alamu anga, azakhali a Gertruda ndi ana onse.

Ulendo uno palibe wandifunsa, achimwene, koma ndayankha ndithu: dzuwa lakwiya, tsekani khola.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Bogumiła