Mafani Okulirapo a Alamu Athu

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Beira kumeneko pamodzi ndi ana. Kuno ku Cuamba tonse tilipo. Mayi mwendo uja ukuwavutabe, koma akuyenda.

Ine ndiye ndakwiya zedi. Mafani awiri a pa radiyeta ya kompyuta munandisiyira ija anafa ndi fumbi. Madzi akuzungulirabe m'timapaipi, koma popanda mphepo yowaziziritsa makina akungozima okha. Pamenepo ndili ndi vidiyo ya ukwati wa ku Mandimba yoti ndikonze, ndipo eni ake sakundipumitsa pa foni.

Alamu athu, amuna ake a mlongo wathu Rosa, amapita ku Nampula pa sitima, ndiye ndinawatuma kuti akandigulire mafani ena. Ndinadula kachingwe kolingana ndi fani yakale, monga timachitira potumiza muyeso wa nsapato za ana. Ndinawauzanso kuti asankhe okankha mphepo mwamphamvu, chifukwa timipata ta radiyeta n'tothinana. Iwo abwera ndi zimafani zikuluzikulu zothwanima ngati magetsi a m'bala, zibowo zomangira zosagwirizana n'komwe. Nditafunsa za kachingwe kaja anandiyankha mosatekeseka kuti, "Ndinawonjezerako pang'ono, mlamu. Chinthu umagula chokulirapo." Kenako anayamba kufunafuna waya kuti azimangirire. Ndinangotuluka panja kuopa kulankhula zoti Rosa alire.

Chonde nditumizireni awiri a saizi yake, inu mukuidziwa, koma musawapatsire alamuwo. Mulungu akusungeni. Mukawaimbira foni muwauze kuti kompyutayi takhala nayo zaka zonsezi, sinakulepo ngati phazi la mwana.

Ndine mng'ono wanu,
Joaquim