Kamzungu Kanagwa Padenga

Okondedwa achimwene a Yosefe,

Landirani moni kuchokera kuno kwa Nachisaka. Kaya muli bwanji ku Joniko? Ine ndilipo, koma amayi sali bwino.

Loweruka lapitali galimoto ya kanema inabwera pabwalo la sukulu. Ndinawanyengerera amayi kuti tipite, poti chimwalirireni mng'ono wanu Eliya, iwo anali asanatulukepo pakhomo. Kanemayo anali wa Chingerezi, sitinamvepo kanthu, ndipo azungu ambiri a m'kanemamo ankangoimaima. Koma panali kamzungu kena kowonda, ka jekete yothina, kamene kanatiseketsa ndi nkhope yokha. Kakangotsinzinira diso, bwalo lonse linkafa ndi phwete. Amayi anaseka mpaka kundigwira paphewa, ine mtima n'kukhala pansi.

Kenaka kamzunguko kanakwera padenga la nyumba, kanaterereka n'kugwa chamutu, ndendende mmene Eliya anagwera pofolera tchalitchi. Kanadzuka n'kusasa fumbi pachipewa. Anthu anaomba m'manja.

Amayi anaimirira. "Nanga uyu wadzuka bwanji?" anandifunsa mokweza. "Wanga uja bwanji sanadzuke?"

Amene tinayandikana nawo anasiya kuseka. Tinachoka kanema asanathe. Lero ndi tsiku lachitatu amayi akungolawa phala, ndipo ine ndikudziimba mlandu.

Chonde alembereni kalata yawoyawo, ndidzawawerengera. Ngati akukulolani kumgodiko, bwerani mvula isanagwe. Bulangete musatumize, akufuna kuona inuyo. Ambuye akusungeni pansi pa nthakapo.

Ndine mlongo wanu,
Esinati