Tikambenji Ndani, Azakhali?

Okondedwa azakhali,

Ndikhulupirira muli bwino ku Kitweko, ndiponso kuti mwendo uja waleka kutupa. Kuno amayi akupezako bwino, koma ine mtima suli m'malo.

Polongosola sutikesi ya malemu atate ndinapeza pepala la inshuwalansi. Ndi la kampani yakale ija imene inkateteza masitolo ku moto tauni ino ikadali Fort Jameson, kenako n'kuyamba inshuwalansi ya moyo, aphunzitsi ambiri n'kulowamo. Lachiwiri ndinakwera minibasi kupita nalo m'tauni. Kampaniyo inasintha dzina kawiri, moti ndinazungulira maofesi atatu ndisanapeze kalaliki wachikulire woidziwa.

Anatulutsa faelo yafumbi n'kuyang'ana chitupa changa.

"Mayi, ndinu a Tikambenji?"

"Ayi, ndine Esnati, mwana woyamba."

"Koma pano bambo anu analemba okha kuti wolandira ndi Tikambenji, mwana wawo woyamba."

Ndinaona ndekha, dzanjalo ndi lawodi. Nditafika kunyumba ndinafunsa amayi. Anapitiriza kuswa nsawa osandiyang'ana, kenako anati, "Funsa azakhali ako, ndiwo anaperekeza mayi wa Tikambenjiyo, uja wa kutsidya kwa malire, kukachira ku chipatala cha Mwami."

Azakhali, za ndalamazo ndilibe nazo ntchito. Chiyambire tsikulo, mayi aliyense wodutsa pamsika ndikumuyang'anitsitsa, kufunafuna mphumi ya atate. Chonde ndiuzeni ngati ali moyo, ndi mudzi umene ali kutsidya kwa malireko. Musadikire Khirisimasi, mundiyankhe sabata ino. Ndikufuna za maliro a atate akazimve kwa ine, osati kwa kalaliki.

Mulungu akusungeni.

Ine mwana wanu,
Esnati