Ndinamuletsa mwana wanga kutumiza zithunzi za chipale

Aphungu,

Foni inalira ndikupalira mtedza kumunda, mwezi wa Januwale. Anali Jemima, namwino mnzake wa mwana wanga ku Toronto. Anangoti, "Amama, khalani pasi." Ndinakhala pamzere pomwepo. Tryphena wanga anali atamwalira, atadwala chibayo masiku anayi okha.

Ndine mphunzitsi wopuma pantchito, ndiponso wamasiye. Zaka makumi atatu ndinkawerengera ana a ku Chikomeni mabuku onena za chipale chofewa, chija amati sinowo, ine mwini osachionapo. Tryphena atapita kunja anagula kamera nayamba kundijambulira: misewu yoyera mbee, mitengo yopanda masamba ataikulunga timagetsi ta Khirisimasi, ngakhale mapazi ake m'chipalemo. Ankaziika pa gulu la banja la pa WhatsApp, n'kulemba kuti, "Amama, za m'mabuku anu zija ndi izi."

Achibale ena anayamba kunong'ona kuti mwana wa aphunzitsi akunyada, ife tikupsa ndi dzuwa kuno. Ndinaopa nsanje. Mu Disembala ndinamuimbira, ndinati, "Leka kutumiza zithunzi zija, anthu akulankhula." Anaseka pang'ono. "Nanga imwe, amama, simuzifuna?" Ndinayankha kuti ndaona zokwanira. Linali bodza. Sanatumizenso ngakhale chimodzi.

Sutikesi yake inabwera pamodzi ndi maliro, ndipo kamera ili momwemo. Jemima akuti Tryphena sanaleke kujambula, ankati adzandionetsa yekha akadzabwera mu Epulo. Kwathu kuno katundu wa malemu sakhudzidwa mpaka akuchimuna atagawa, ndipo kugawako ndi Loweruka likubwerali. Alamu anga a Bornwell anena kale kuti, "Kamela ni ya nchito, si yosunga m'kabati," ndiye ipita kwa mwana wawo Mathew, wojambula maukwati ku boma. Ndikuopa kuti akangoilandira adzafufuta zonse kuti apeze malo. Kodi nditsegule sutikesi mobisa ndichotse kakhadi kosunga zithunzi? Nanga ndingayenere kuona zimene ndinazikana ndi pakamwa panga?

F.N., Lundazi

Mayi F.N.,

Pepani kwambiri. Kuika mwana m'manda si chinthu chimene kholo limazolowera.

Ndiyambe ndi funso lomalizali: inde, mukuyenera. Munalakwa kumunamiza mwanayo, sindikubisirani, ndipo zidzakuwawani nthawi yaitali. Koma onani kuti iye sanakukhulupirireni. Akanakhulupirira, sakanapitiriza kutuluka panja pozizira chotero ndi kamera m'manja. Ankajambulira inu.

Sutikesiyo musatsegule mobisa. Zikadzadziwika adzati mwachotsamo zambiri, ndipo chaka chino chidzatha mukuyankha milandu m'malo molira mwana. Pitani kwa a Bornwell mawa lomwe, musadikire Loweruka pamene pakhomo padzakhala patadzaza anthu ndipo aliyense adzafuna kuoneka wolimba. Tengani mayi mmodzi wa kumpingo amene alamu anuwo amamulemekeza. Auzeni momveka kuti kamera simukumumana Mathew, mukungopempha kakhadi ka m'katimo. Mudzere ku msika wa Lundazi mugule kakhadi katsopano, mupite nako m'manja, kuti pasakhale chonamizira.

Mathew naye mulankhule naye nokha. Zithunzi ndiye ntchito yake, ndipo mwina ndi iye amene angakukopereni zonse m'malo awiri ndi kukutsukitsirani zingapo zoti muzizigwira m'manja. Poziona koyamba mukhale ndi munthu pambali. Musaziikenso pa gulu lija pofuna kuchititsa manyazi amene ankanong'ona, chifukwa wopwetekedwa adzakhala inu nomwe.

Chenjezo langa ndi limodzi: kamera isatuluke pakhomo panu kakhadi kali m'kati, ngakhale wina atalumbira kuti abweza mawa. Tryphena sabweranso mu Epulo. Za mwezi wake womaliza, chatsala ndi kakhadi kameneko basi.

Aphungu