Mumufunsenso Pili, Achimwene

Tandale, Dar es Salaam

Okondedwa achimwene Abdulmajidi,

Asalamu alaikumu. Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu. Kodi bondo lija lasiya kukuvutani, kapena mukukanabe kupita nalo kuchipatala monga mwa khalidwe lanu? Nanga alamu anga ndi ana onse ku Ntajako adzuka bwanji? Ife kuno matupi ali bwino, kupatula kutentha kwa Dar kumene mukukudziwa kale. Mtima wanga wokha ndiwo suli m'malo.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pamene foni ilipo. Chifukwa chake ndinu nomwe. Ndikakuimbirani mumatsegula foni kuti pakhonde ponse pamve, ndipo mukangokhosomola kamodzi, zonse zimene ndinakonza zimathawa. N'chifukwa chake ndapempha Overtone, dalaivala wa lole amene amadutsa kwanuko, kuti akupatsireni m'manja. Muiwerenge muli nokha.

Nkhani ndi ya mwana wanga Pili. Idi itangotha munamuimbira kumuuza kuti Che Ramazani, a golosale aja, akumufuna kuti akhale mkazi wawo wachiwiri. Munamufunsa ngati akuvomera, iye anati inde. Munakondwa, munauza anthu, ndipo mwakonza kuti Overtone yemweyu adzamutenge kumapeto kwa mwezi uno, ndowa, ukwati wathu wa Chisilamu, ichitike mvula isanagwe.

Sindikunena kuti munalakwa. Mwini mbumba ndinu, ndipo chimwalirireni a Hemed, bambo ake, palibe wina amene watiganizira ngati inu. Munafunsa monga mwambo umafunira. Koma ndikugwirani mwendo, achimwene, inde ameneyo si inde ayi.

Pili amavomera chilichonse. Munthu akamuponda phazi m'daladala, minibasi ya kuno, wopepesa ndi iye. Pamsika wa Tandale akamusankhira tomato wophwanyika amalandira ndi manja awiri. Mawu akuti samahani, kupepesa kwa kuno, sachoka pakamwa pake kuyambira m'mawa. Mukanamuuza kuti akwatiwe ndi mtengo wa mango wa pabwalo panu uja, akanatinso inde amalume.

Inu mumamutama kuti ndi mwana waulemu, wosiyana ndi atsikana a m'tauni. Ifenso kuno tinkatero. Koma imvani izi. Mwanayu ali ndi luso la manja, amajambula hina, utoto wokongoletsera khungu uja, m'manja ndi m'mapazi mwa akwatibwi, maluwa oti ukawaona umaiwala kuphethira. Mkwatibwi akangoyamikira, iye amayamba kumulozera pamene palakwika, kenako amazembera khomo lakumbuyo chakudya chisanabwere.

Saluni ina ya ku Mikocheni inamuitana kuti akayambe ntchito. Anasamba, anavala mtandio wake wabwino, mpango wofunda kumutu uja, anakafika mpaka pakhomo. Ataona nkhope yake pagalasi la chitseko, anatembenuka n'kubwerera. Anandiuza kuti akanalowa, eni ake akanazindikira msanga kuti anaitana munthu wolakwika. Ulemu umenewo ndi wamtundu wanji, inu?

Tsiku limene anakuvomerani ndinamufunsa ngati Che Ramazaniwo akuwadziwa n'komwe. Anapukusa mutu. Ndinati nanga wavomeranji? Anandiyankha modekha, uku akutsuka mbale, kuti munthu ngati iye akapeza womufuna sayenera kufunsa zambiri, ndiponso akachoka ine ndidzapuma. Anawonjezera kuti masiku ena amaona kuti zikanakhala bwino akanapanda kubadwa. Ndinangokhala pansi pamadzi otsukira mbale pomwepo.

Kuyambira pamenepo anasiya kudya. Zida zake zonse za hina anakapatsa mtsikana woyandikana nafe nyumba, akuti iye sadzazifunanso. Ankangodandaula m'mimba, thupi n'kumatha ndikuona. Ndinapita naye kwa shehe, anamupempherera, ndipo shehe yemweyo ndi amene anandiuza kuti dua, mapemphero aja, tipitirize koma kuchipatalanso tisakuzembe.

Kuchipatala china cha ku Sinza anamuyeza malungo, magazi, m'mimba, osapeza kanthu. Dokotala anacheza naye pang'ono, kenako anatitumiza kwa Mayi Anitha, amene kuno amawatcha mshauri, mlangizi wothandiza anthu ovutika m'maganizo. Mukundidziwa mkwiyo wanga. Ndinakalipa m'khondemo kuti mwana wanga si wamisala, anthu mpaka anatembenuka kundiyang'ana.

Mayi Anithawo anandisiya ndilalate mpaka nditope. Kenako anandipatsa mpando n'kundiuza kuti zoona, Pili si wamisala, ndipo alibe majini. Vuto lake ndi kudziderera. Akuti pali anthu amene mumtima mwawo muli mawu owauza tsiku ndi tsiku kuti ndiwe wachabechabe, palibe angakufune, ukalankhula akuseka. Mawuwo amayamba ndi zimene munthu anamva kapena kukumana nazo ali wamng'ono, ndipo akakhalitsa mwini wake amawatenga ngati choonadi.

Ndinawauza kuti kwathu timaphunzitsa ana kudzichepetsa, nanga pamenepo cholakwa n'chiyani? Anati palibe cholakwa. Wodzichepetsa amadziwa kuti ndi munthu, amagwada mwa kufuna kwake, akatha amadzuka. Pili amagwada chifukwa amakhulupirira kuti malo ake ndi pansi pomwepo. Mawu amenewo sanachoke m'mutu mwanga mpaka lero.

Anayamba kukumana naye sabata iliyonse. Ine ndinkamuperekeza n'kumadikira panja. Ndinafunsapo kuti kodi mwana wanga akumanena chiyani mkatimo, mayiwo anandikaniza mwaulemu, akuti zimenezo ndi za Pili, adzandiuza yekha akafuna. Zinandiwawa, ine amene ndinamuyamwitsa, koma ndinapirira.

Tsiku lina Pili anapempha kuti ndilowe nawo. Mmenemo ndimo ndinamva za maliro a amayi athu. Mukukumbuka kuti ndinabwera naye kumudzi ali kamtsikana. Akuti anakonzekera ulendo wonse mmene adzapatsire moni akuluakulu m'Chichewa. Atafika, lilime linamupinda, anasakaniza ndi Chiswahili, asuweni ake, ana anu aja, anagwa nako kuseka. Masiku onse a maliro ankamutsanzira, kuchitsime, kukhitchini, paliponse.

Anawo sindikuwaimba mlandu. Chisuwani tonse tinakulira momwemo, wina akakunyoza nawe umabweza, mumaseka, nkhani yatha. Koma Pili anabadwira ku Tandale, palibe anamuuzapo kuti kumeneko ndi kucheza. Kusukulu kuno ankamunena kuti Mnyasa, dzina lonyozera ife ochokera kwathuko. Anaganiza kuti kwawo kokha akalandiridwa, n'kukapeza kuti kumenekonso ndi choseketsa. Mayeso a Fomu Folo atamukanika, anangoti basi, onse aja ankanena zoona.

Chichewa amamva chonse, ngakhale miseche imene timanong'onezana ndi amayi anzanga. Koma kuchokera pamaliro paja sanalankhulenso, kupatula inde, zikomo ndi pepani. Anauza Mayi Anitha ine ndikumva kuti ndi mawu okhawo amene amadziwa kuti sangawalakwitse. Ndiye taganizani, achimwene. Inu munamufunsa za moyo wake wonse m'Chichewa, alamu ndi asuweni omwe aja akumvetsera pakhonde. Akanayankha chiyani china?

Mwina mukufunsa kuti kucheza chabe kungachiritse bwanji munthu. Inenso ndinkatero. Koma ndaona zimene amachita. Pili akanena kuti palibe amene amakonda ntchito yake, mayiwo samutsutsa, samunyengereranso. Amangomufunsa kuti nanga akwatibwi amene amachokera ku Sinza ndi ku Mwananyamala kudzamufunafuna amabwera kudzatani? Amamusiya aganize mpaka ayankhe yekha.

Amamupatsanso tintchito ting'onoting'ono toti akayese. Koyamba kanali koti munthu akamuyamikira, amuyang'ane kumaso n'kunena asante, zikomo wa kuno, basi, osawonjezera kupepesa. Mungaseke, koma thukuta limene anatuluka nalo tsiku limenelo linali la munthu wolima. Kenako anakatenganso zida zake za hina kwa mtsikana uja. Panopa akudya, ngakhale kuti ndi pang'ono.

Sindikunama kuti wachira. Masiku ena amadzuka ali zyoli, osafuna kuonana ndi munthu, mawu aja atamubwereranso. Mayi Anitha anandichenjeza kuti zimatero, chinthu chimene chamera zaka zambiri sichizuka ndi kukoka kamodzi. Anandiuzanso kuti mawu aja akuti akanapanda kubadwa ndisawatenge mwamasewera, ndipo akadzawanenanso ndithamange naye kuchipatala tsiku lomwelo. Ku Ntaja adzathamangira kwa yani, m'nyumba ya mkazi mnzake, chilankhulo chikumukanika?

Tsopano imvani zimene zachitika dzana. Ndinali kukazinga zitumbuwa zampunga zimene ndimagulitsa m'mawa, iye akundithandiza kupanga moto. Ndinaona kuti mwezi ukutha, mutu wanga sunagwire. Ndinamuuza kuti zivute zitani ndikuimbira amalume ako lero, ndikakane ukwatiwu m'malo mwako, andikalipire ine.

Anayang'ana makala. Kenako anati hapana mama. Ndinaganiza kuti sindinamve bwino. Anabwereza m'Chichewa kuti ayi amayi, ndidzanena ndekha.

Achimwene, chibadwire mwana ameneyu anali asanandikanepo kanthu. Zitumbuwa zonse zinapserera m'mafuta ine ndili kakasi, misozi ikutsika. Wogula wina anandifunsa ngati kwagwa zovuta. Ndinamuuza kuti ayi, mwana wanga wandikana, iye anachoka akuganiza kuti wamisala ndine.

Ndamva kuti akhala akuyeserera ndi Mayi Anitha. Mayiwo amakhala ngati ndi inu, Pili amagwira foni yozimitsa n'kumalankhula. Akuti Pili anawaphunzitsa ndi kukhosomola kwanu komwe, kuti akadzakumva asadzachite mantha.

Choncho Lachisanu la sabata yamawa, mukatuluka kumzikiti, Pili adzakuimbirani. Kalatayi akuidziwa. Wandilola kulemba pokhapokha ndisayankhe m'malo mwake, ndipo sindikuyankha. Chimene adzanene sindikuchidziwa, wakana kundiuza.

Pempho langa ndi ili. Foni ikalira, muchoke pakhonde mupite kuseri kwa nyumba nokha. Musaitsegule kuti ena amve. Mumufunsenso za Che Ramazani ngati kuti simunafunsepo. Chichewa chake chidzakhala chopindika, Chiswahili chidzalowamo, musaseke, musamukonze. Akakhala chete musamumalizire mawu monga mumachitira ndi ine. Dikirani. Ngakhale chete wakeyo atatalika bwanji, dikirani.

Akadzati inde mutamufunsa motero, chikwama chake ndidzalongedza ndekha, ndidzamukweza lole ndi manja angawa. Akadzati ayi, ndikudziwa manyazi amene mudzakhale nawo pamaso pa Che Ramazani ndi anthu amene munawauza kale. Muwaponyere pa ine. Muuze anthu kuti mlongo wanu wa ku Dar ndi wamakani, sadzadabwa, amandidziwa.

Koma mukadzamudula mawu, kapena akadzamva wina akuseka chapatali, ndikumudziwa mwana wanga. Adzati inde amalume, pepani. Adzakwera lole ya Overtone osalira n'komwe, ndipo mawu aja a mumtima mwake adzakhala atapambana. Ine ndikuopa, achimwene. Ndikuopa kuti ndikamutsanzika tsiku limenelo sindidzamuonanso wamoyo. Ndilibe mwamuna, ndilibe mwana wina, ndilibenso wina woti ndimulirire koma inu.

Amayi atamwalira munandigwira dzanja kumanda n'kunena kuti mbumba yawo simudzaitaya. Pili ndi mbumba yomweyo.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, kwa azakhali ku Liwonde mukawaona, ndi kwa ana onse, asuweni ake a Pili. Za m'kalatamu musawauze. Mulungu akupatseni moyo wautali, akuchizeni bondo, akupatseninso kuleza mtima Lachisanu limenelo.

Pamene ndikumaliza kulemba, Pili ali kuseri kwa nyumba pachingwe choyanikira zovala. Akuganiza kuti sindikumva. Akuyeserera moni wanu, akubwereza kuti mwaswera bwanji amalume, ndine Pili, ndili ndi mawu. Akulakwitsa, achimwene, koma sakusiya.

Ndine mlongo wanu,
Mwanahija